Chitsime Chachisanu

Ambrose Muhiwa anali atatopa kalekale, koma kutopa kwake kunali kwaulemu. Ankafika pa ofesi nthawi yake, n'kupachika jekete kuseri kwa chitseko, n'kuvala zomvera m'makutu, basi tsiku layamba. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anali akugwira ntchito ku bungwe lina ku Parklands, mumzinda wa Nairobi, pamwamba pa sitolo ya matayala, lomwe linkajambula ndi kusunga mawu a zinenero zimene zikutha. Kunena mosapsatira, inali ntchito yozonda odwala. Ukamva kuti kwinakwake kwatsala nkhalamba zitatu zodziwa chinenero chawo, umanyamula makina, n'kupita, n'kubwerako ndi mawu. Pakatha chaka umamva kuti nkhalamba zija zatsala ziwiri, iwe n'kukonza nambala m'kompyuta.

Lachiwiri lina, cha m'ma leveni, a Bessie anasuzumira pakhomo. Iwowa anali mkulu wa ofesiyo, Mmalawi mnzake, mayi wa ku Ntcheu amene sanaphunzirepo kunong'ona.

"A Muhiwa, mwayambanso nyimbo yanu ya maliro ija? Ikumveka mpaka ku resepishoni."

"Ine? Sindikuyimba ine."

"Mukuyimba. Zaka zonsezi nyimbo yomweyomweyo, mpaka mayi wophika tiyi waidziwa. Tsono tamverani, kwabwera alendo anu. Akufuna munthu amene anajambula Woyimba 14."

Nyimbo imene a Bessie ankadandaula nayoyo inali ya Woyimba 14 yemweyo. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo Ambrose anapita kuchipululu cha kumpoto, kupitirira Marsabit, kumene msewu umangotha wokha osatsazika. Kumeneko kunali kamtundu kakang'ono ka anthu oweta ngamila, ndipo mkulu wina anamuyimbira nyimbo yaitali ya zitsime, masiku atatu, kubwereza ndi kubwereza. Mphepo ya kumeneko inalowa m'makina, moti Ambrose anatha miyezi isanu ndi itatu akuyeretsa mawuwo ndi kuwalemba kachidutswa kachidutswa. Womasulira sanapezeke. Choncho nyimbo yonse inamukhala m'mutu monga zimakhalira ndi chinkhwe, osamvamo ngakhale liwu limodzi.

Alendowo anali awiri. Wamwamuna anali nkhalamba yaitali, yowonda, yovala jekete lalikulu ndi nsapato za matayala, ndodo ili m'manja. Wamkazi anali wa zaka za m'ma fote, maso ofiira ngati wagona panjira. Iye ndiye analankhula, m'Chiswahili chosakaniza ndi Chingerezi.

"Ine ndine Magdalene, ndili ndi kagolosale ku Umoja. Amene munawajambula aja anali bambo anga. Anatisiya chaka chatha. Awa ndi a Petro, mng'ono wawo, bambo anga aang'ono. Afika dzulo pa lole."

"Pole sana," anatero Ambrose powapepesa m'Chiswahili, n'kuwakokera mipando. A Petro anayang'ana mpandowo, nakhala m'mphepete mwenimweni, ngati ndi wa mwini woti abwera posachedwa.

Magdalene anafotokoza mwachidule, chifukwa nthawi inalibe chifundo. Kwawo mvula inali isanagwe nyengo zinayi zotsatizana. Anthu akwawo ali ndi zitsime zisanu, ndipo njira ya ku chitsime chilichonse ili m'nyimbo, ndime imodzi chitsime chimodzi. Zitatu zinali zitauma. Chachinayi chinali chitasanduka matope, ngamila zikugwa pomwepo. Chachisanu ndi chobisika, chimene amapitako pa chilala chachikulu chokha, ndipo amene anapitako komaliza onse anamwalira. A Petro ankadziwa ndime zinayi, poti anayenda njirazo ndi mkulu wawo. Ndime yachisanu mwini nyimbo amaipereka akaona kuti masiku ake atha, koma malemuwo imfa inawapeza mng'ono wawo ali kutali ndi ziweto.

"Lole yobwerera inyamuka ku Eastleigh folo koloko lero," anatero Magdalene. "Ikapita, ina ndi sabata yamawa kapena inayo. Madzi atsala kumeneko safika sabata yamawa."

Apa Ambrose anamva chinthu chimene anali asanamve kwa zaka zambiri: chimwemwe. Zaka khumi ndi chimodzi akusunga mawu amene palibe ankawafunsa, kupatula ophunzira a kunja olemba mabuku osawerengedwa, lero kwabwera munthu woti moyo wake uli m'fayilo! Sanafunse kanthu. Anatembenukira ku kompyuta, n'kuzula zomvera m'makutu, n'kukweza sipika mpaka pomaliza kuti agogowo amve bwino, n'kudina.

Mawu a malemu anadzaza chipinda chonse.

Ndodo inagwa pansi. A Petro anatseka makutu ndi manja onse awiri, naimirira, natuluka akuwomba phewa pa chitseko.

"Zima! Zima!" anakuwa Magdalene. Ambrose anazimitsa. Safunsa anadya phula, ndipo iye, katswiri wa zaka zonsezi, analidya phula lonse ndi chisa chomwe.

Magdalene anali ataima chilili, misozi ikuyenda. Kanali koyamba kumva mawu a bambo ake kuchokera pamene anawaika m'manda.

"Kwathu wakufa samvedwa," anatero Magdalene. "Dzina lake sititchula, mawu ake sitimvera. Akalankhula ndiye kuti akuitana wina."

"Nanga mumafuna ndichite chiyani, mayi?"

"Ndalakwa ndine. Ndinawauza kuti kuno kuli nyimbo. Sindinawauze kuti ili m'makina. Ndimayesa kuti akafika, n'kuona kutalika kwa njira imene ayenda, afewa."

Ambrose anatola ndodo ija, onse awiri n'kutsika masitepe. Mlonda wa pageti anawalozera kumunsi, kunjira ya ku City Park. Anayenda mofulumira m'mphepete mwa msewu, akulambalala njinga zamoto ndi ogulitsa chimanga chootcha.

Ambrose anali ndi manyazi, ndipo manyaziwo anakamudzutsira ena akale. Iye anali Mlhomwe wa ku Phalombe, koma Ulhomwe wake unali pa dzina pokha. Bambo ake anakulira m'minda ya tiyi nthawi imene anthu ankanyoza mtundu wawo ndi dzina lachipongwe, ndipo analumbira kuti ana awo sadzasekedwa. M'nyumba mwawo munkalankhulidwa Chichewa chokhachokha. Chilhomwe chinkamveka kuseri kwa nyumba, achimwene awo akabwera kudzacheza, motsitsa mawu, ndipo mwana akangotulukira pakona chinkaduka pomwepo. Atayamba ntchito ya ku Nairobi, Ambrose anapita kumudzi Khirisimasi zitatu makina ojambulira ali m'chikwama. Ulendo uliwonse ankati mawa. Sankadziwa kuti munthu umayamba bwanji kupempha bambo ako chinthu chimene anachita kukubisira chifukwa chokukonda. Khirisimasi yachinayi anapita kukaona manda.

Anawapeza a Petro m'pakimo atakhala pansi patsinde pa mtengo, kutali ndi mabenchi, nkhope italoza kumpoto. Apusi awiri ankawazungulira, naona kuti nkhalambayi ilibe kanthu, nachoka. Ambrose ananjuta, n'kuwapatsa ndodo ndi manja awiri.

"Muwauze kuti ndapepesa kwambiri. Muwauzenso kuti nyimbo yonse ndinailemba pa pepala. Inu mukhoza kuwawerengera."

Magdalene anapukusa mutu asanamasulire n'komwe. "Ine chinenero chathu ndimangodziwa cha kukhitchini ndi cha moni. Cha m'nyimbo ndi chakale, lilime langa silingachikwanitse. Komanso nyimbo salandira kwa pepala. Imachoka pakamwa pa wamoyo, wakuti anailandira kwa wamoyo mnzake."

Komabe anamasulira. Ambrose anayang'ana wotchi. Inali itadutsa hafu thwelofu. Kenaka nkhalamba ija inatembenuka n'kumuyang'anitsitsa, kuyambira nsapato mpaka kumutu, monga amachitira munthu pogula mbuzi. Inafunsa funso lalifupi.

"Akufunsa ngati munalipo inuyo pamene mkulu wawo ankayimba."

"Ndinalipo. Ndinagwira makina ndine."

"Akuti ankayimba atayang'ana kuti?"

"Kwa ine. Tinakhala moyang'anizana pa chikopa, masiku atatu."

"Akuti anafika nayo pamapeto?"

"Kasanu ndi kamodzi."

A Petro anapumira m'mwamba, nalankhula motalikirapo. Magdalene anamvetsera, maso ake akukula.

"Akuti ndiye kuti anakupatsani inuyo. Akuti mkulu wawo sanali wopusa woti n'kuyimbira chitsulo. Anyamata onse anali atapita kutauni, panalibe wofuna kuphunzira, ndiye anaiika mwa munthu amene anakhala pansi n'kumvetsera. Akuti muyimbe."

Ambrose anaseka, kuseka kwa munthu amene wauzidwa kuti anyamule galimoto. "Mayi, ine sindimvamo liwu ngakhale limodzi. Sindidziwa pamene mawu ayambira ndi pamene athera. Ndikaphonya kamodzi kokha, anthu adzakhotera kumanzere pamalo pa kumanja. Kumene kuja ndinakuonako ine. Wosochera sabwerako."

"Akudziwa zimenezo."

Kenaka Magdalene anatsitsa mawu n'kulankhula m'Chingerezi chokhachokha, kuti bambo ake aang'ono asatolepo kanthu. "Muli nayo pa foni? Pitani kuseri kwa mitengo uko, mukamvere kamodzi, mubwere."

Inalipodi pa foni. Ambrose anali munthu wosunga chilichonse kawiri, katatu. Dzanja lake linali litafika kale m'thumba pamene a Petro, amene Chingerezi sankachidziwa koma mitima ya anthu ankaidziwa, anatambasula chikhatho. Galu wamkota sakandira pachabe. Ambrose anawapatsa foniyo, iwo n'kuiika pafumbi chafufumimba, n'kuiponda pang'ono ndi nsapato ya tayala ija.

"Akuti muyambire poyamba penipeni. Ndime zinayizo akuzidziwa, amva ngati pakamwa panu pali pokhulupirika."

Ambrose anakhala pansi, buluku lake la ku ofesi pafumbi. Anali ndi mantha enieni. Kuyimba mosadziwa uku ukudikira madzi a tiyi ndi kwina, kuyimbira mwini wake ndi kwina. Anatsinzina, nayesa kuona chikopa chija ndi mchenga ukulowa m'kolala. Mawu oyamba anatuluka opyapyala, onga a mwana wa sukulu amene waitanidwa kutsogolo. Koma nyimboyo inkadziwa njira yake. Ndime yoyamba inatha, yachiwiri n'kubwera yokha. Anthu odutsa ankacheuka kuona bambo wa tayi akuyimbira nkhalamba pansi pa mtengo, koma mu Nairobi anthu anaona zambiri, sanaime.

Pakati pa ndime yachitatu Ambrose anatsokomola kawiri, kofupika ndi kotalika, n'kupitiriza. A Petro anakweza dzanja.

"Akufunsa ngati mukudwala."

"Ayi, ndili bwino."

"Nanga mwatsokomoleranji?"

Ambrose anaganiza. Sanadziwe n'komwe kuti watsokomola. "Pamenepa amatsokomola," anayankha mwamanyazi. "Ulendo umene unamveka bwino koposa, umene ndinkamvera tsiku ndi tsiku, anatsokomola pamenepa. Ndinangozolowera."

Magdalene atamasulira, a Petro anaseka, kuseka kouma, kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Kenaka anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete.

"Akuti chimenecho ndi chifuwa cha mkulu wawo, chomwe chinawatenga. Akuti munthu wosunga ngakhale chifuwa sangataye liwu. Pitirizani."

Ndime yachinayi inadutsa a Petro akung'ung'udza nawo pansipansi. Itatha anasendera pafupi, mpaka mawondo awo anakhudza a Ambrose. Tsopano panalibenso womukonza. Ambrose anaiyimba ndime yachisanu yonse, mizere makumi awiri ndi umodzi, pang'onopang'ono ngati woyenda ndi madzi odzaza m'beseni. Atamaliza anayambiranso, mzere umodzi iye, mzere womwewo a Petro. Nkhalamba ija mutu unali wakuthwa, koma inali itayenda masiku awiri pamwamba pa lole, ndipo mizere ina inkaithawa. Ankabwerera. Wani koloko inakwana, thu koloko n'kudutsa. Magdalene ankangoyang'ana kumsewu, kumene magalimoto anali atayamba kale kuthinana. Kukhosi kwa Ambrose kunauma gwa, koma sanapemphe madzi. Anaona kuti n'zosayenera kupempha madzi pamaso pa munthu ameneyu.

Cha m'ma hafu thu a Petro anaiyimba okha kuchokera poyamba mpaka pamapeto, osaphonya. Anaibwereza kachiwiri. Kenaka anagwira pakamwa, nayang'ana pansi nthawi yaitali, nalankhula ngati akudzilankhulira okha.

"Akuti akupadziwa," anatero Magdalene. "Ndi kuseri kwa phiri lakuda, pamene pali miyala itatu yotsamirana. Akuti ali mnyamata anabisalapo dzuwa pamenepo kawiri, ali ndi ludzu, osadziwa kuti akhalira madzi. Ndi ulendo wa masiku awiri kuchokera pa chitsime chachinayi. Ngamila zambiri zikhoza kufika."

Ambrose anamva thupi lonse likumasuka, ndipo kutopa kunabwera konse nthawi imodzi. Anafuna kudzuka, koma a Petro anamugwira bondo.

"Akuti sizinathe. Wopereka nyimbo saiyimbanso. Yachoka kwa inu, yapita kwa iwo."

"Chabwino. Anzanga ku ofesi asangalala."

"Koma pakamwa sasiya pululu. Akuti mutsekepo ndi nyimbo ya kwanu, ya bambo anu, m'chinenero cha bambo anu, kuti yathuyi isabwerere pa lilime lanu. Iwo amvetsera, ndiye mwasiyana bwino. Ingakhale yaifupi. Chonde fulumirani, nthawi yatha."

Ambrose anatsegula pakamwa. Anafufuza. Munali nyimbo za m'kwaya ya kutchalitchi kwake ku Madaraka, za Chiswahili ndi za Chingerezi. Munali nyimbo za pa wailesi, za ku sukulu, za maukwati. Munali zidutswa za nyimbo za mitundu khumi ndi iwiri ya eni ake, iliyonse ndi nambala yake. M'maganizo anabwerera kuseri kwa nyumba ya ku Phalombe, naima pakona paja, namvetsera. Anaona bambo ake atakhala pa mtondo wogubuduza, milomo ikuyenda. Mawu sanamveke. Anali ataduka kale, poti mwana watulukira.

Akanatha kunama. Akanayimba iliyonse ya Chichewa, nkhalambayo sikanadziwa kusiyana kwake. Koma inali itangomukhulupirira chifukwa cha chifuwa, ndipo Ambrose analibe mphamvu zoinamiza.

"Ndilibe," anatero.

"Ngakhale ya ana? Yotonthoza mwana?"

"Ndilibe, mayi. Chinenero cha bambo anga sindichidziwa. Sanandiphunzitse, inenso sindinafunse. Anamwalira."

Magdalene anazengereza, kenaka anamasulira. A Petro anafunsa kanthu, iye n'kuyankha, iwo n'kufunsanso, ngati sakukhulupirira kuti amva bwino. Atatero anachotsa phazi pa foni ija, naitola, naipukuta fumbi ndi jekete, naiika m'manja mwa Ambrose. Sanachotse dzanja lawo msanga. Anamuyang'ana ndi chisoni chosabisa, chimene Ambrose anachizindikira, chifukwa ndi chomwe iye ankayang'ana nacho nkhalamba zonse zimene anazijambula. Analankhula mawu ochepa, nadzuka ndi ndodo yawo.

"Akuti chiyani?" anafunsa Ambrose.

Magdalene anali atakoleka kale chikwama paphewa. Anayang'ana kumbali.

"Akuti pepani. Akuti iwo ankayesa kuti otheratu ndi a mtundu wawo."

Anapita mofulumira kugeti, mayi patsogolo akuimitsa njinga zamoto, nkhalamba pambuyo milomo ikuyenda, ikubwereza njira ya kumadzi. Ambrose anatsala pansi pa mtengo, foni ili m'manja. Inalira kawiri, a Bessie, koma sanayankhe. Patapita nthawi anatsegula pakamwa kuti ayesenso kamodzi. Chinatuluka ndi chifuwa chokha, kofupika ndi kotalika, ndipo nachonso sichinali chake.